Zida zokonzera mabuleki pakhomo: chitsulo cholimba mungachidziwe bwanji musanachigule?

Msewu wa M14 umachoka ku Lilongwe pamtunda wa mamita opitirira 1,000 n'kutsikira ku Salima pafupi ndi nyanja, pomwe ndi mamita pafupifupi 500. Dalaivala wotsika zitunda zimenezi atanyamula katundu phazi lake silichoka pabuleki, ndipo mapadi amatha msanga. Kunoko galimoto imakumana ndi zina: chinyontho cha kunyanja, mchenga wa ku Senga Bay, matope a m'misewu ya kumudzi nthawi ya dzinja, madzi odutsa pamsewu wa M5 mvula ikachuluka. Zonsezi zimathera pa mabawuti a kuseri kwa tayala, omwe amachita dzimbiri n'kugwirana ndi chitsulo.

Kusintha mapadi akutsogolo pa Vitz, Probox, Sienta kapena Corolla si ntchito yozunguza mutu. Mukachotsa tayala, mabawuti oti mumasule ndi awiri, kapena anayi ngati mukuchotsanso disiki. Ntchito imasanduka ya tsiku lonse pamene sipanala yaterera n'kudya ngodya za bawuti, kapena kanipo kotulutsira mpweya kathyokera m'kati mwa kalipa, chitsulo chomwe chimapanira mapadi pa disiki. Choncho pa mabuleki chida cholimba ndi chomwe chimagwira mutu wa bawuti thinithini lero, n'kudzagwiranso chimodzimodzi pakatha zaka zisanu, osaphanuka kukamwa.

Choyamba ndi chogwira galimoto m'mwamba

Anthu ambiri amayamba n'kugula bokosi la masipanala, za jeke n'kuziiwala. Ndalama yoyamba ipite ku masitandi, miyendo yachitsulo yomwe galimoto imakhalapo ikakwezedwa. Jeke yobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan anaipangira kusinthira tayala pamsewu kwa mphindi zochepa. Phazi lake ndi laling'ono, ndipo mukayamba kukoka bawuti ya mutu wa mamilimita 17 ndi mphamvu, galimoto imagwedezeka n'kutsetsereka. Jeke ya mafuta, kaya ya botolo kaya ya matayala, imadalira kalabala kakang'ono ka m'kati, ndipo kakatha galimoto imatsika yokha popanda chenjezo. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi, katundu ayenera kukhala pa masitandi.

Galimoto zing'onozing'ono zomwe tatchulazi zimalemera pakati pa tani imodzi ndi tani imodzi ndi theka, choncho masitandi olembedwa matani awiri amakwanira. Hilux kapena minibasi imafuna a matani atatu kapena kuposa. Makampani ambiri nambala yomwe amalembayo ndi ya masitandi awiri pamodzi, osati imodzi. M'sitolo itembenuzeni sitandiyo muone kuwotcherera kwake: mzere ukhale wosalala ndi wopitirira, wopanda timabowo kapena malo odumphidwa. Ya mano muikweze n'kuona ngati dzino likulowa lonse, ndipo ikakhala ndi pini yachiwiri yotsekera ndi bwino koposa.

Njerwa ayi. Njerwa yowotcha imaoneka yolimba koma imasweka mwadzidzidzi, sipindika kaye kuti ikuchenjezeni, ndipo buloko ya simenti ya mabowo ndiyo yoopsa kwambiri. Makomo ambiri a ku Salima ndi ku Nkhotakota ndi amchenga, pomwe miyendo ya sitandi imamira pang'onopang'ono mbali imodzi. Dulani matabwa okhuthala masentimita osachepera 3, otambalala kuposa phazi la sitandi, limodzi la jeke ndi awiri a masitandi, muziwasunga pamodzi ndi zida. Matayala otsala pansi muwatsekere ndi mitengo yosema mbali zonse ziwiri, ndipo tayala lomwe mwachotsa muligoneke pansi pa galimoto.

Masoketi ndi masipanala

Galimoto za ku Japan zili ndi manambala ake: 8, 10, 12, 14, 17, 19 ndi 21. Za ku Ulaya, monga VW ndi BMW, zimakonda 13, 15, 16 ndi 18, ndipo makalipa ake ambiri amamasulidwa ndi Allen key ya 7. Apa m'pomwe bokosi lalikulu la zida 100 limanamiza anthu. Mumalipira tizitsulo tambirimbiri tomwe simudzatigwiritsa ntchito, pamene 14 ndi 17 zomwe zidzagwire ntchito yonse ndi zachitsulo chofewa. Ndalama yomweyo itha kugula masoketi asanu ndi awiri abwino ogulitsidwa imodziimodzi. Pa Toyota zambiri mabawuti a mapini a kalipa ndi 14 kapena 12, a bulaketi yogwira kalipa ndi 17, manati a tayala ndi 21. Pa Honda manati a tayala ndi 19. Pitani pa galimoto yanu muyeze musanagule.

Suzumirani m'kati mwa soketi muwerenge ngodya. Ya ngodya 12 imalowa mosavuta pamalo opanikizika, koma imagwira bawuti pansonga za ngodya zake zokha. Bawuti ikakhala ya dzimbiri, nsongazo zinadyeka kale, ndiye mukangokoka soketi imadumpha n'kusiya mutu wobulungira. Ya ngodya 6 imagwira m'mbali mwa mutu, pomwe pali chitsulo chambiri. Kunyanja kuno, pa ntchito ya mabuleki, gulani za ngodya 6 zokhazokha. Zina zabwino m'makona mwake mumakhala mokumbika pang'ono mozungulira, kuti mphamvu isagwere pansonga ya bawuti.

Zolembedwa pachitsulo zimathandiza koma si umboni. Cr-V ndi chitsulo chosakaniza chromium ndi vanadium, chomwe zida zamanja zabwino zambiri zimapangidwira. Cr-Mo ndi cha masoketi akuda okhuthala opangidwira makina omasulira manati, ndipo chimapirira kumenyedwa osasweka. Vuto n'lakuti zilembo zimenezi aliyense angathe kuzidinda, monga momwe mawu akuti Germany amapezekera pa masipanala omwe ku Germany sanapondeko. Kuyesa kwenikweni ndi kwa m'manja. Nyamulani m'thumba bawuti yatsopano ya mutu wa 14 ndi ina ya 17. Soketi yabwino imalowa mosakakamiza koma mukaigwedeza imangosuntha pang'ono kwambiri. Ikamachita gwedegwede pa bawuti yatsopano, pa ya dzimbiri idzaterera. Onani ngati khoma la soketi ndi lokhuthala mofanana kuzungulira konse, popeza dzenje lopendekera mbali imodzi limasiya khoma lopyapyala lomwe limang'ambika. Manambala akhale odindidwa molowa m'chitsulo, osati opaka omwe amafufutika. Utoto wonyezimira ukamasupuka m'mphepete chida chikadali m'sitolo, chisiyeni: tizidutswa take timacheka zala, ndipo pansi pake dzimbiri limayamba mvula yoyamba.

Pa sipanala ya mbali ziwiri, kukamwa kotseguka n'kumene kumaulula chitsulo chofewa. Milomo iwiriyo ikhale yoongoka ndi yolingana. Pa sipanala yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zopezeka m'misika, milomo yophanuka kapena yotupa m'mphepete ikusonyeza kuti inagonja kale. Koma sipanala yakale ya kampani yodziwika, ngakhale yakuda ndi yokandika, nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina. Pomasula bawuti yolimba gwiritsani ntchito mbali yozungulira. Shifiting'i, bobojani ndi pulayala zisayandikire mabawuti a mabuleki, pokhapokha mutu utawonongeka kale ndipo bawuti yatsopano ili pambali.

Ratchet, mpini wozunguzira masoketi, imafa msanga m'manja mwa anthu ambiri chifukwa amaipatsa ntchito yosakhala yake. M'mutu mwake muli timano ting'onoting'ono. Ya mano 72 imafuna kusuntha madigiri 5 okha kuti igwire dzino lotsatira, zomwe zimathandiza kuseri kwa kalipa komwe malo ndi ochepa, pamene ya mano 36 imafuna madigiri 10. Iliyonse mwa izi mukailowetsa paipi n'kuiponda, mano amathyoka, ndipo zala zanu zimakamenya chitsulo. Bawuti yolimba imamasulidwa ndi breaker bar, mpini wautali wopanda mano, wa masentimita 45 mpaka 60 ndi mutu wa theka la inchi. Bawuti ikangogwedezeka, ratchet imalize. Pogula breaker bar yang'anani pini ya pakhosi pomwe mutu umapindikira, chifukwa m'pomwe zotchipa zimathyokera. Ratchet ya mutu wa 3/8 ya inchi ndiyo yoyenera mabawuti a 8 mpaka 14. Iyeseni pafupi ndi khutu: kulira kwake kukhale kofanana kuzungulira konse mbali zonse ziwiri. Yokhala ndi tizomangira pachivundikiro ndi yabwino chifukwa mungathe kuitsegula n'kuchotsa mchenga.

Sipanala imodzi yomwe ambiri alibe

Mapaipi achitsulo a mafuta a mabuleki amamangidwa ndi nati ya dzenje pakati, ya 10 pa galimoto zambiri za ku Japan. Nati imeneyi ndi yofewa ndiponso yopyapyala. Mbali yozungulira ya sipanala singalowe chifukwa paipi yatsekereza, ndipo mbali yotseguka imangogwira mbali ziwiri n'kuifinya. Pali sipanala yake, flare nut spanner, yozungulira koma yodulidwa kampata kongokwana paipi, yomwe imagwira pafupifupi mbali zonse za nati. Pa chida ichi musaumire ndalama, chifukwa yotchipa imaphanuka pakampata pomwepo n'kuchita zomwe munkazipewa. Imodzi ya 8 ndi 10, ina ya 10 ndi 12, zakwana.

Nipo, kabawuti kotulutsira mpweya pobilida mabuleki, n'kobooka m'kati ndipo kamamangidwa ndi mphamvu yochepa, pafupifupi 8 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) pa Toyota zambiri. Kalabala kotseka pamwamba pake kakatayika, madzi amalowa n'kukachititsa dzimbiri m'mazinga. Kapukuteni ndi bulashi ya waya, thirani mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, dikirani mphindi 20 kapena usiku wonse, kenaka ikani soketi ya ngodya 6 ya 8 kapena 10 pa mpini waufupi. Mpini wautali pano ndi mdani, chifukwa dzanja silimva pamene kachitsuloko kayamba kupotoka. Kakathyokera m'kati, mwina mudzagula kalipa yonse.

Kumanga mwa muyeso

Pa Toyota zing'onozing'ono zambiri manati a tayala amamangidwa 103 Nm, pa Honda 108 Nm. Mabawuti a mapini a kalipa pa Corolla ndi pafupifupi 34 Nm, a bulaketi pafupifupi 107 Nm, ndipo nati ya paipi ndi pafupifupi 15 Nm. Manambala a galimoto yanu yeniyeni muwapeze m'buku lake, chifukwa amasiyana. Kuti 103 Nm imveke: ndi ngati kupachika makilogalamu 21 kunsonga ya mpini wa theka la mita. Munthu wa makilogalamu 70 akaima pa mpini womwewo wapereka pafupifupi 340 Nm, kuwirikiza katatu. Chizolowezi chopondera wilo sipanala mpaka ilire chimakoka mabawuti a tayala n'kuwafooketsa, chimathina disiki mosalingana, ndipo tsiku lomwe tayala lidzaphulike pakati pa Salima ndi Nkhotakota simudzalimasula.

Torque wrench, chida chomangira bawuti mwa muyeso, yolira "tha" ikafika pamuyeso ndiyo yosavuta. Zabwino zimalonjeza kusaphonya ndi zoposa 4 peresenti, koma lonjezoli limayambira pa gawo limodzi mwa magawo asanu a muyeso wake waukulu kupita m'mwamba. Ya 40 mpaka 210 Nm ndi yabwino pa matayala ndi mabulaketi, koma bawuti ya 34 Nm ili pansi pa muyeso wake. Pamenepo pamafunika yaing'ono ya 3/8. Ngati ndalama ikulola imodzi, yambani ndi yaikulu, ndipo mabawuti a mapini muzimanga ndi sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi, modziletsa. Chida ichi si chomasulira mabawuti. Kokani pang'onopang'ono, ikalira kamodzi lekani, ndipo mukamaliza bwezani muyeso pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ya m'kati isatope. Ikagwa pa simenti musaikhulupirire musanaiyese: panani mutu wake pa vaisi mpini uli chogona, pachikani chigubu cha malita 20 a madzi pa mtunda wa theka la mita kuchoka pamutu, ndipo iyenera kulira pafupi ndi 98 Nm.

Kubweza pisitoni

Mapadi atsopano ndi okhuthala, choncho pisitoni iyenera kubwerera m'kati. Pa makalipa akutsogolo G-clamp ya masentimita 15 imakwanira. Ikani padi yakale pamwamba pa pisitoni kuti mphamvu igawike mofanana, n'kumanga pang'onopang'ono mukuyang'anira kabotolo ka mafuta a mabuleki kuti kasasefukire, popeza mafutawa amadya penti. Pogula sankhani ya msana wokhuthala ndi mazinga akuluakulu, ndipo mutseke mpaka kumapeto muone ngati nsonga ikukumana ndi mnzake pakati penipeni. Kutsendera pisitoni ndi sikuludiraiva kumang'amba labala yotchinga fumbi, ndipo pakatha miyezi ingapo mchenga ndi madzi zimalowa, pisitoni n'kugwira. Pisitoni yokana kubwerera ndi G-clamp musaikakamize: ili ndi dzimbiri ndipo kalipayo ikufunika kuphwasula.

Galimoto zina za madisiki kumbuyo zili ndi handibuleki yolumikizidwa m'kalipa momwemo. Pisitoni yake ili ndi timipata pankhope, ndipo imabwerera poizunguza uku mukuikankha. G-clamp imaphwanya zam'kati mwake, choncho pamafunika chida chake chozunguzira. Za handibuleki ya batani zimafuna kuti mota ibwezedwe kaye ndi kompyuta kapena njira yolembedwa m'buku lake. Ma hybrid monga Prius ndi Aqua ali ndi pampu yamagetsi yomwe itha kudzuka yokha, ngakhale pongotsegula chitseko cha dalaivala, n'kukankha pisitoni kalipa ili m'manja mwanu. Kubilida galimoto zimenezi kusiyireni amakaniko okhala ndi kompyuta yake.

Kalipa mukaichotsa musaisiye ikulendewera pa paipi ya labala. Ulusi wa m'kati mwa paipiyo umaduka osaonekera kunja. Waya wokhuthala wopindidwa ngati S n'kukoleka pa sipuling'i ya galimoto ndi chida chokwanira, ndipo sichigulidwa.

Madilamu

Vitz, Passo, Probox ndi Hilux zambiri kumbuyo zili ndi madilamu, omwe m'kati mwake muli mashuzi m'malo mwa mapadi. Dilamu yogwira anthu amaimenya ndi hamala mpaka kuing'alula, chonsecho pa Toyota zambiri pankhope pake pali mabowo awiri a mazinga a M8. Masulani handibuleki, lowetsani mabawuti awiri a M8 ndi kuwamanga mosinthanasinthana, theka la kuzungulira uku theka uko, dilamu ituluka yokha. Ikaima panjira ndiye kuti mashuzi akodwa pa mlomo wa m'kati, bwezani kaye kagudumu kosinthira mashuzi. Mabawuti awiriwo akhale olimba, olembedwa 8.8 pamutu, ndipo azikhala m'bokosi la zida.

Masipuling'i a mashuzi ndi amphamvu. Pulayala wamba imaterera ndipo sipuling'i imathawira kumaso, n'chifukwa chake magalasi oteteza maso ali m'gulu la zida. Pulayala yake ya masipuling'i ilipo, koma vice grip ya mlomo wautali imagwira bwino ntchitoyi ngati mano ake ndi akuthwa. Iyeseni poipanitsa msomali: mano akasiya chizindikiro pa msomali iwo osaphwanyika, ndi yabwino. Jambulani chithunzi ndi foni musanachotse kanthu, ndipo phwasulani mbali imodzi yokha kuti inayo ikhale chitsanzo.

Pa Honda zambiri disiki imagwiridwa ndi tizomangira tiwiri ta mutu wa mtanda tomwe timagwira dzimbiri koopsa. Sikuludiraiva wamba imangokumba mutuwo. Chofunika ndi impact driver ya pamanja, yomwe mukaimenya ndi hamala imakanikiza ndi kuzunguza nthawi imodzi. Nsonga zake zimathyoka, choncho gulani yomwe nsonga zake zimapezeka padera.

Kuyeza, kutsuka ndi kudzoza

Mabuku a Toyota amaika malire a padi pa milimita imodzi, koma woyenda zitunda za M14 kapena za msewu wa M18 wochoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu asinthe ikafika mamilimita atatu. Disiki ili ndi malire ake odindidwa pachitsulo, pambali pa zilembo MIN TH. Vernier caliper, chida choyezera kukhuthala, imanama pa disiki yakale chifukwa m'mphepete mumatsala mlomo wosadyeka. Ikani makobidi awiri mbali zonse ziwiri pamalo pomwe mapadi amadutsa, yezani zonse pamodzi, n'kuchotsera kukhuthala kwa makobidiwo. Vernier yachitsulo chosachita dzimbiri yopanda batire ndiyo yokhalitsa m'nyengo yotentha ndi yachinyontho ngati ya kuno.

Bulashi ya waya ndi yotchipa koma ntchito yake ndi yaikulu. Dzimbiri lotsala pomwe disiki imakhala limaipendeketsa, ndipo kupendeka kopitirira 0.05 mm n'kokwanira kuyambitsa kunjenjemera kwa chiwongolero pakapita nthawi. Tsukaninso mipata ya bulaketi pomwe makutu a mapadi amatsetsereka. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, popeza mapadi ndi mashuzi ena amakhala ndi asbestos, yomwe imawononga mapapo. Linyowetseni ndi brake cleaner kapena madzi a sopo n'kupukuta. Petulo, dizilo ndi palafini zimatupitsa labala za mabuleki, ndipo gilizi wamba wa ma bearing amachita chimodzimodzi: pini imagwira, padi imodzi n'kutha inzake ikadali yatsopano. Mapini amafuna gilizi wa silicone kapena wolembedwa kuti ndi wa labala, wopaka mopyapyala.

Mafuta a mabuleki amamwa chinyontho cha mumpweya. Mafutawa ali ndi mitundu: DOT 3 yatsopano imawira pa madigiri osachepera 205, koma ikamwa madzi malire ake amatsika kufika 140. DOT 4 imayambira 230 n'kutsikira 155. Pachitunda chachitali mafuta akawira, buleki imalowa mpaka pansi. Gulani botolo laling'ono lomata, ndipo lotsegulidwa chaka chatha musalithire. DOT 5 ndi ya mtundu wina, sisakanizidwa ndi ziwirizi. Pobilida mumangofunika paipi yoonekera m'kati yothina pa nipo, botolo loyera, ndi munthu wachiwiri wopopa.

Zida nazo zimadwala matenda omwewo a mabawuti. Mukamaliza zipukuteni ndi kansalu ka oyilo, makamaka zomwe zakhudza mafuta a mabuleki. Musaziike pamchenga pogwira ntchito, yalani thumba kapena katoni, chifukwa mchenga ukalowa m'mutu wa ratchet kapena pa ndodo ya jeke umapala ngati sandipepa. Bokosi likhale pa thabwa, osati pa simenti yomwe imatuluka thukuta m'dzinja, ndipo jeke ya botolo isungidwe choimirira, ndodo yake itatsitsidwa mpaka pansi.

Matayala akabwerera, mangani manati modumphadumpha ngati nyenyezi, ndipo muyeso womaliza muupereke galimoto ili pansi. Musanasunthe, popani buleki kangapo mpaka ilimbe, chifukwa pisitoni munaibweza ndipo kuponda koyamba sikugwira kanthu. Onani mafuta m'kabotolo, suzumirani ngati pali podontha, kenaka pamsewu wopanda anthu chepetsani liwiro kuchoka pa 60 kufika pa 20 maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, osaima kotheratu, kuti mapadi akhazikike pa disiki. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, bwerezani manati a matayala ndi torque wrench.